Nkhondo ya Pakamwa ndi Nkhondo ya Pabwalo

Dziko lathu lino silisowa anthu odziwa zinthu. Kwerani minibasi ya ku Zomba pa depoti ya Limbe m'mawa wotsatira tsiku limene Flames yagonja, mudzatsika mutamva amene adayenera kuyamba masewero, amene adayenera kutulutsidwa chigawo choyamba chitatha, ndi chifukwa chake kochi akuyenera kulongedza katundu wake. Zambiri zimene amanenazo zimakhala zoona ndithu. Kungoti m'minibasimo mulibe ndi mmodzi yemwe amene adaimapo m'mbali mwa bwalo mphindi zikutha, wosewera wodalirika akutsimphina, khamu likutukwana kumbuyo, iye n'kumayenera kusankha chochita pompo. Ine ndimawamvetsera mosangalala, mwina n'kuthirirapo ndemanga yanga. Koma mkangano ukafika pachimake ndimakumbukira mnyamata wina wa ku China amene adakhalako zaka zoposa 2,200 zapitazo, dzina lake Zhao Kuo.

Nthawi imeneyo dziko la China lidali lisadakhale pansi pa mfumu imodzi. Kudali maufumu asanu ndi awiri olimbirana ukulu, ndipo mwa amphamvu kwambiri mudali Qin ndi Zhao. Bambo ake a mnyamatayu, Zhao She, adali mkulu wa asilikali a Zhao, munthu amene adagonjetsapo Qin pankhondo. Mwana adakula akuwerenga zonse zimene akale adalemba zokhudza nkhondo, moti akayamba kutsutsana ndi bambo ake za kandandalikidwe ka asilikali, mkuluyo ankasowa poyankha. Chodabwitsa n'chakuti sadamuyamikirepo. Mkazi wake atafunsa chifukwa, mkuluyo adafotokoza kuti nkhondo ndi malo ofera anthu, koma mwanayo ankaikamba mopepuka kwambiri, ndipo adachenjeza kuti mfumu ikadzangomupatsa asilikali, ndiye kuti yawataya. Nkhaniyi adatisungira Sima Qian, wolemba mbiri yakale ya China.

Zhao She atamwalira, Qin ndi Zhao adakumana pamalo otchedwa Changping, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Shanxi. Asilikali a Zhao ankatsogoleredwa ndi nkhalamba ina, Lian Po. Iyeyu atalawa mphamvu za Qin m'nkhondo zoyamba, adamanga malinga n'kukhala phee m'katimo. Adani ankamuputa, iye osatuluka. Ankadziwa kuti a Qin ali kutali ndi kwawo, ndipo chakudya cha asilikali ambirimbiri sichiyenda chokha. Koma kunyumba ya mfumu kudekha kotere kunkaoneka ngati mantha. A Qin atazindikira zimenezi adatuma akazitape ndi golide kukafalitsa mphekesera yakuti munthu yekhayo amene iwo akumuopa ndi mwana wa Zhao She. Mfumu idameza. M'chaka cha 260 Khristu asadabadwe idachotsa nkhalamba ija n'kuikapo Zhao Kuo. Mnyamata atafika adasintha malamulo, adasintha akuluakulu a magulu, n'kutulutsa asilikali m'malinga. A Qin, amene mwakachetechete adali ataika patsogolo katswiri wawo Bai Qi, adanamizira kuthawa. Zhao Kuo adawalondola, ndipo ali m'kati mowathamangitsa magulu ena a Qin adadzera m'mbali n'kutseka njira yobwerera pamodzi ndi njira ya chakudya. Asilikali a Zhao adakhala masiku 46 atazingidwa, opanda choika kukamwa. Zhao Kuo adafa ndi mivi poyesa kuboola mpandawo. Sima Qian akuti asilikali 400,000 amene adadzipereka adaphedwa, kupatula anyamata 240 amene adabwezedwa kwawo. Akatswiri a mbiri amakayikira kukula kwa chiwerengerocho, koma onse amavomereza kuti ufumu wa Zhao sudadzukenso ngati kale.

Chimandigwira mtima pankhaniyi n'chakuti msampha umene adakodwamo udali m'mabuku ake omwewo. Kunamizira kuthawa ndi chinyengo chakale pankhondo. Mukadamufunsa atakhala pamphasa, akadakufotokozerani bwinobwino, n'kuwonjezerapo njira zochipewera. Chimene adali asadakumanepo nacho ndi mdani wosafuna kuti iye apambane. Onse amene adawagonjetsa pakamwa adali anthu omufunira zabwino, okhala pansi, odikira kuti amalize kulankhula. Ndiponso taonani amene adaliona vutoli msanga: mayi ake. Mayiyu adalembera mfumu kuti isamutume mwanayo, ndipo mfundo zake sizidakhudze za mikondo kapena mahatchi. Adati malemu mwamuna wake ankagawira anthu ake mphatso zonse zochokera kwa mfumu, pomwe mwanayu atangolandira udindo, akuluakulu a asilikali ankaopa kumuyang'ana kumaso, ndipo golide amene adapatsidwa adamusunga kunyumba n'kumafunafuna minda ndi nyumba zogula. Mfumu itaumirira, mayiyo adapempha chinthu chimodzi chokha: zikakavuta, banja lake lisalangidwe. Mayi akafika popempha chotere, ndiye kuti mwana wakeyo amamudziwa.

Ambiri a ife sitidzatsogolerapo asilikali. Nkhondo zathu ndi za malire a munda, za ngongole ya ku banki mkhonde, za bwana amene wakhalira malipiro athu, za chuma chamasiye. Mwa zonsezi, imene ndidaionera pafupi, mpaka kugwiramo cholembera, idali ya chuma chamasiye, ndipo mudali Zhao Kuo wake ndi Lian Po wake.

Mayi anga aang'ono adaferedwa mwamuna, kalipentala wa pamsika wina m'boma la Chiradzulu. Adasiya ana atatu, nyumba ya njerwa zootcha yofolera malata pa puloti imene awiriwo adagula, zipangizo za ukalipentala, njinga, wailesi, mipando yopanga yekha, mbuzi zingapo ndi makina osokera amene mayiwo ankapezera ndalama. Wilo kudalibe, kwathu munthu wamoyo akayamba kulemba za imfa yake amati akudziitanira tsoka. Apa n'kuti lamulo la chuma chamasiye la 2011 lilipo kale, lija lidalowa m'malo mwa la 1967. Lamuloli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, limati katundu wa m'nyumba akhale m'manja mwa wotsalayo, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu wolowa nawo kundende. Papepala, mayi anga aang'ono adalibe chodera nkhawa. Koma akuchimuna atafika ndi kagalimoto konyamula bokosi, aliyense adaona momwe mkulu wake wa malemu ankayendetsera maso padenga, ndipo dzuwa lisadalowe alongo a malemu adali atafunsa kale kiyi wa kuchipinda, ati akufuna kusankha zovala zoveka mtembo.

Tidali ndi msuweni wathu amene adali atangomaliza maphunziro a zamalamulo a masabata angapo ndi bungwe lina lomenyera ufulu wa amayi. Mnyamata wamtima wabwino, wanzeru, wosaopa munthu. Adabwera pamaliro ndi fotokope ya lamulo lonse m'chikwama. Usiku, amuna atazungulira moto panja, amayi akuimba m'nyumba ya siwa, iye adatulutsa mapepala aja n'kuyamba kuwerenga ndi tochi ya foni, ndime ndi ndime, Chingerezi choyamba kenaka kumasulira. Adatsiriza ndi kunena kuti aliyense wokhudza ngakhale supuni akagona ku polisi.

Kudangoti zii. Kenaka mkulu wa malemu adalankhula, osakweza mawu n'komwe.

"Mwanawe, mng'ono wanga ali chigonere m'nyumbamu, sitinamuike. Iwe wayamba kale kuwerenga masupuni ake? Wakutuma ndani?"

Basi, nkhani idatembenukira pomwepo. Amene adabwera maso ali pa malata adasanduka olira opwetekedwa mtima, ife akuchikazi tidasanduka anthu adyera osadikira n'komwe kuti mtembo uzizire. Pofika pakati pausiku manong'onong'o adali atafika poipa: mkazi amene abale ake akonzeratu mapepala chotere, kodi imfa ya mwamunayo idamudzidzimutsa? Amene mudakhalapo pamaliro a kumudzi mukudziwa kumene funso lotere limathera. Chonsecho zonse zimene msuweni wanga adawerenga zidali zoona, liwu ndi liwu.

Adatiwombola ndi mayi wina wachikulire, mtsogoleri wa amayi a Mvano pampingo wa mayi anga aang'ono. Sukulu adalekezera Sitandade 4. Za lamulo latsopano adangozimvera pa wailesi, ndipo sakadatha kutchula ndime ndi imodzi yomwe. Koma maliro a amuna osiya katundu adali atakhalapo ambirimbiri, kuyambira a m'nyumba mwake momwe: mwamuna wake atamwalira m'zaka za m'ma 1980, akuchimuna adasasula denga n'kumusiyira mphasa ndi miphika. Adamuitanira msuweni wanga kuseri kwa khitchini, ine ndili pomwepo.

"Bambo, pepala lanulo ndi labwino. Lipindeni muike m'thumba la malaya, lizionekera pang'ono. Ligwira ntchito, koma osati usiku uno, ndiponso lisatulukire pakamwa panu."

Zimene adachita kenaka zidali zing'onozing'ono moti mlendo sakadaziona. Kiyi wa kuchipinda adamumangirira m'chiuno mwa namfedwa, kunsi kwa chitenje. Zovala zoveka malemu adakatenga yekha pamodzi ndi mlongo mmodzi wa malemuyo, kuti pasapezeke wonena kuti adamanidwa kulowa. Atatero adayala mphasa pakhomo penipeni pa chipindacho n'kukhazikapo amayi awiri a Mvano kuti aziimba mosinthana mpaka kucha. Ndani angalumphe miyendo ya amayi oimba nyimbo za Mulungu kuti akatulutse makina osokera? Kukhitchini adalamula kuti mbale yoyamba ya nyama izipita kwa akuchimuna. Tambala woyamba atalira adadzutsa mkulu wa mpingo n'kupita naye kwa amfumu, adzukulu asadanyamuke n'komwe kupita kumanda. Pempho lake lidali limodzi: m'mawa wotsatira tsiku loika maliro, anthu asadabalalike, katundu wa malemu awerengedwe poyera, amfumu ali pomwepo.

Palinso china chimene ine ndidadzachidziwa pambuyo pake. Usiku womwe uja, akusenda nyemba ndi amayi a kuchimuna, adawafunsafunsa mpaka adamva kuti bokosi ndi galimoto mkulu wa malemu uja adalipira ndi ndalama ya katapira, ndipo mwini ndalamayo ankamudikira kumapeto kwa mwezi. Dyera lidalipo ndithu, koma pansi pa dyeralo padali mantha a munthu wobwerera kwawo ndi ngongole. Mayi uja adakambirana ndi osunga chipepeso kuti ndalama zikawerengedwa, choyamba chikhale kubweza za bokosi ndi za galimoto, ndipo zilengezedwe kuti anthu onse amve amene adanyamula mtolowo. Ife tonse a sukulu tidali titamuweruza kale mkuluyo. Palibe adaganiza zofunsa chimene chinkamusowetsa tulo.

Tsiku loika maliro mayi uja adaonetsetsa kuti mkulu wa malemu ndiye alankhule ngati mwini maliro, ndipo adamupatsa mpando wa patsogolo. Mkuluyo adalankhula mokhudza mtima, misozi ili chuchuchu, kuti ana a mng'ono wake ndi ana ake, sadzavutika iye ali moyo. Pamaliro aliyense amanena choncho. Kusiyana kwake n'kwakuti mawuwa adamvedwa ndi amfumu, abusa ndi khamu lonse, ndipo padali munthu amene ankawasunga kuti awagwiritse ntchito mawa lake.

Kutacha mayi uja adandituma ku golosale kukagula kope la ana asukulu, n'kundiuza kuti ndikhale pafupi ndi amfumu ndizilemba. Katundu ankatuluka mmodzimmodzi. Wina atchula, anthu avomera, ine ndilemba: mipando ya ndalema, tebulo, bedi ndi matiresi, makina osokera, mapulena, macheka, njinga, wailesi, mbuzi zisanu. Zosanyamulika, nyumba ndi puloti, zidalembedwanso, ndipo kalata yogulira puloti idawerengedwa mokweza. Pansi padasayina amfumu, mkulu wa mpingo ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Osatha kulemba adapaka inki ya bolopeni pachala n'kudinda. Chinthu cholembedwa mudzi wonse ukuona chimavuta kusowa usiku.

Ana atatu aja adawakhazika pamphasa patsogolo penipeni. Ndiye mayi wa Mvano uja adagwada, monga amachitira mayi polankhula pabwalo, n'kuyang'ana mkulu wa malemu.

"Bambo, dzulo tonse tinamva mawu anu, ndipo anatitonthoza. Ana anu ndi awa. Wamkuluyu ali Fomu 2, sukulu akutsekulira mwezi wamawa. Makina awa ndiwo amalipira fizi. Ngati mukuona kuti apite kwanu, palibe chovuta, mungotiuza tsiku lodzatengera fizi ndi yunifolomu, alembi alembe m'kopemu. Bambo awo tsopano ndinu, tiuzeni."

Mkuluyo adayang'ana makina, adayang'ana ana, adayang'ana cholembera changa chili m'mwamba. Apa m'pamene amfumu adatsokomola n'kunena kamodzi kokha, ngati zongodutsa, kuti masiku ano boma lidakhwimitsa lamulo pa chuma chamasiye, ndipo iwo safuna galimoto ya polisi m'mudzi mwawo. Akunena choncho maso adali pa thumba la malaya a msuweni wanga, pamene kansonga ka pepala kankasuzumira.

Nyumba, puloti, makina, mipando ndi mbuzi zidatsala. Mkulu wa malemu adapita ndi njinga, wailesi ndi jekete, ndipo zipangizo za ukalipentala zidaperekedwa kwa mphwake wa malemu amene ankaphunzira ntchito pa shedi yomweyo. Za njinga adaziyambitsa ndi mayi uja, mkuluyo asadapemphe n'komwe.

Msuweni wanga zidamuwawa. Ankati njinga ija idali ya ana, ndipo palibe pamene lamulo limanena kuti wolanda apatsidwe kenakake kuti asalande zambiri. Ankanena zoona. Nditawafunsa mayi aja, adaseka pang'ono.

"Mwanangu, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anawa adzafuna ankhoswe, adzadwala, adzaferedwa. Mukawatsekeretsa bambo awo aakulu, adzapita kwa yani? Njinga ija ndagulira njira yopita kwawo kwa bambo awo."

Ine ndimaima kumbali ya mayiyo, komabe mtima wina umakana. Nzeru zakuti tisakangane, tigawane, tidzafunana mawa, ndi zomwezo zimene zakhala zikuvula amayi amasiye kwa zaka zambiri, chifukwa wouzidwa kuti alolere nthawi zonse amakhala wopanda mphamvu. Mayi yemweyu adali ndi ulemu womwewo ndi lilime lomwelo m'ma 1980, koma denga lake lidapita. Chidasintha n'chiyani? Ulendo uno kudali pepala m'thumba, ndipo amfumu ankadziwa kuti kuli ofesi ya DC ndi khoti kumene pepalalo lingakafike. Pakadapanda msuweni wanga, mayi uja akadangokhala wopempha chifundo. Pakadapanda mayi uja, msuweni wanga mwina akadapambana kukhoti patapita zaka, makina atagulitsidwa kalekale, mwana atasiya sukulu, mayi anga aang'ono akulozedwa chala pamsika ponse. Kudziwa chimene lamulo likunena ndi mbali imodzi. Kudziwa tsiku lolitchulira, pakamwa poyenera kutulukira, anthu oyenera kukhalapo, ndi khomo limene mdani wako angatulukire mutu uli m'mwamba, nazonso ndi nzeru, ndipo sizichepa pamaso pa zinazo. Kungoti izi sapereka nazo satifiketi.

Kope lija ndidalikumbukiranso pamene dziko lonse lidatchera khutu ku wailesi kumvetsera mlandu wa chisankho cha pa 21 May 2019. Kaya inu mudali mbali iti, pali chinthu chimodzi chovuta kuchitsutsa. Malamulo a zisankho adalipo kale, maloya odziwa kuwatanthauzira adaliponso, ndipo madandaulo a chisankho cha pulezidenti adapitako kukhoti m'mbuyomo, monga mu 1999, zotsatira osasintha. Chimene chidalimbitsa mlandu wa a Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera ndi mapepala a zotsatira za m'malo oponyera voti: ena ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena osasayinidwa, ena ongokopera m'malo mwa enieni. Pa 3 February 2020 majaji asanu adathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, khoti la apilo lidagwirizana nawo mu May, ndipo pa 23 June anthu adavotanso. Mu Africa muno dziko limene khoti lake lidali litachitapo zotere lidali Kenya, mu 2017. Timatama maloya ndi majaji, ndipo n'koyenera. Koma pasukulu zambiri za pulayimale za kumudzi padali oimira zipani amene adakhala mpaka usiku, nyali ikuthima, kukana kuchoka asadalandire pepala lawo, n'kulisunga kuti lisanyowe kapena kutayika. Loya angadziwe lamulo chotani, popanda pepala limenelo akadaima pamaso pa majaji chimanjamanja.

Tikamanena za Zhao Kuo timaiwala kuti wolakwa wamkulu idali mfumu. Ndiyo idasankha munthu chifukwa cha mbiri ya kulankhula kwake, n'kumusenzetsa asilikali a dziko lonse asadapsepo ndi moto wa nkhondo. Akadayamba ndi kagulu kochepa, n'kugonjako pang'ono, n'kuona momwe njala imasinthira nkhope za asilikali, mwina mabuku aja akadamupindulira, pakuti mutu adali nawo. Khalidwe la mfumu ija ifenso tili nalo. Polemba anthu ntchito timatenga wolankhula Chingerezi chosalala. Maphunziro a ufulu, a ulimi, a bizinesi timachitira m'mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima: masiku atatu, alawansi, chithunzi, satifiketi. Kenaka timamutumiza munthu kumudzi kuti akakumane ndi mkulu wa malemu pamoto usiku, popanda womuuza kuti kumeneko sakamudikira amalize ndime. Kunyumba nakonso ana timawabisa. Nkhani ikavuta timati pitani mukasewere, kubwalo la milandu sitipita nawo, ngakhale kukanenerera mtengo wa matimati pamsika timapita tokha. Ndiye tsiku lina bambo agwa, mwana wa digiri uja n'kupezeka ali pamaso pa ankhoswe ndi amalume koyamba m'moyo wake, mlandu wake woyamba uli nyumba ya mayi ake.

Kusambira saphunzirira pamphasa, komanso sayambira pakati pa Shire. Amayambira madzi ofika m'mawondo. Msuweni wanga uja adaphunzira. Masiku ano akaitanidwa pa nkhani ya chuma chamasiye amayamba wafunsa kuti mfumu ya pamalopo ndi yotani, namfedwa amapemphera kuti, bokosi wagula ndani, ndipo mwa akuchimuna womva zonena anthu ndi uti. Mapepala amatenga ndithu, ndipo zikavuta amapita nayo nkhani ku Victim Support Unit ya polisi kapena kwa DC mosazengereza. Za njinga zokha ndiye sadasinthe maganizo mpaka lero.

Inu amene muli ndi nyumba, munda wogula kapena makina odyetsa banja, musadalire kuti pamaliro anu padzapezeka mayi wa Mvano wochenjera chotere. Si mudzi uliwonse uli naye. Lembani wilo, musayine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine, ndipo munthu wokhulupirika adziwe pamene mwaika. Kalata ya puloti ndi malisiti a katundu wamkulu zikhale pamene mkazi wanu kapena mwamuna wanu akupadziwa. Ndipo amfumu akaitanitsa bwalo la malire a munda, mutenge mwana wanu wa Fomu 3 akakhale kumbuyo, akamve momwe akuluakulu amafunsira mafunso. Pobwerera mumufunse kuti iye akadaweruza bwanji.